Ndinagwa Khunyu Pafupi ndi Njati ku Lengwe

Ndikupatsani moni nonse, abale ndi alongo mwa Ambuye, amene mawu angawa akupezani kulikonse kumene muli. Dzina langa ndine Falesi. Ndinaphunzitsa ana a pulayimale kuno ku Ngabu zaka zambiri, ndipo tsopano ndinapuma. Nkhani imene ndikulembayi ndakhala ndikuinena mwapatalipatali, koma lero ndaganiza zoinena yonse. Ndi nkhani ya matenda a khunyu amene ndinabisa zaka zisanu ndi chimodzi, ndi ya tsiku limene anandigwetsa pagulu tili pa ulendo wokaona nyama. Ndineneretu kuti chimene chimandichititsa manyazi mpaka lero si kugwako ayi. Ndi zimene ndinamuchita munthu amene Mulungu anamutuma kudzandidzutsa.

Khunyu linandiyamba ndili ndi zaka makumi awiri, nditangochira malungo aakulu amene anandigoneka sabata ziwiri. Ndinagwa kuseri kwa nyumba ndikuyanika zovala, ndipo anandiona ndi amayi okha, chifukwa bambo anali atamwalira kale. Nditatsitsimuka, amayi anandigwira dzanja n'kunena kuti, "Mwanawe, izi zithere m'nyumba muno. Akangomva anthu, ntchito palibe, banja palibe." Anapita nane kwa asing'anga awiri kutsidya kwa Shire, anandicheka mphini m'mutu, ndinamwa mizu yowawa mpaka kutopa, koma palibe chinasintha. Kuchipatala sindinafune n'kuyandikako komwe. Ndinkakhulupirira kuti khunyu lilibe mankhwala achizungu, komanso ndinkaopa kuti akangolemba papepala, nkhani idzafika kwa akuluakulu a zamaphunziro.

Chimene chinandithandiza kubisa n'chakuti matendawa ankandichenjeza. Ndinkayamba kumva fungo ngati la nsanza yopserera, kenako chinthu china chinkakwera kuchokera m'mimba kupita pakhosi. Zikatero ndinkadziwa kuti ndatsala ndi kanthawi kochepa. Ndinkauza ana kuti mutu wandipweteka, n'kuthamangira kunyumba, yomwe inali pafupi ndi sukulu, n'kukadzitsekera. Sindinkaphika pamoto ndili ndekha, sindinkatunga madzi pachitsime chakuya, ndipo anthu ankati aphunzitsi a Falesi ndi onyada. Ine ndinaona kuti kuli bwino azinditcha wonyada kusiyana n'kunditcha wakhunyu, choncho kunyadako ndinakukulitsa dala. Ndinkasita zovala mpaka mizere kuima, ndinkaponyamo Chingerezi polankhula, ndipo Chisena, chimene ndinkalankhula ndi amayi tsiku lililonse m'nyumba, panja ndinkachita ngati ndimangochimva pang'ono. Ndinalinso pa chibwenzi ndi a Lapukeni, kalaliki wogula thonje pamsika, ndipo ukwati tinkauyembekezera chaka chotsatira. Nawonso sindinawauze kanthu.

Inali nthawi ya chipani chimodzi, m'zaka zimene nkhondo inakula ku Mozambique ndipo anthu ankawoloka malire tsiku ndi tsiku ndi timitolo pamutu. Chaka chimenecho, thonje litagulitsidwa, a kwaya ya mpingo wathu anaganiza zoti tikaone nyama ku Lengwe. Ambiri mwa ife tinabadwira m'chigwa momwemuno, koma tinali tisanalowepo m'nkhalango imeneyo. Tinasonkherana n'kupeza lole imene inkanyamula thonje, ndipo ntchito yolemba mayina a opita anandipatsa ine.

Pakati pa amene anabwera kudzalembetsa panali mayi Ruwiza. Anali mmodzi mwa othawa nkhondo aja, amuna awo anafera komweko, ndipo ankalera ana atatu pogulitsa nsomba zouma za kudambo la Shire pamsika wa Ngabu. M'tchalitchi ankakhala kumbuyo kwenikweni, ndipo Loweruka ndiwo ankasesa. Sanali a kwaya. Atandiuza m'Chisena kuti nawonso akufuna kupita, ndinawayankha m'Chichewa kuti lole yadzaza, pomwe malo analipo. Mayi abusa atamva anandiitana n'kundiuza mofatsa kuti ndiwalembe. Ndinawalemba, koma mtima unali utada.

Tinanyamuka m'mawa dzuwa lisanakwiye, mwezi wa Okutobala, uja umawotcha ngakhale mthunzi. Aliyense anaonetsetsa kuti khadi la chipani lili m'thumba, poti panjira ukanatha kufunsidwa. Tinanyamula mbatata zophika, zitumbuwa, masau ndi ndowa ziwiri zamadzi. Ine sindinadye kanthu m'mawa umenewo chifukwa cha piringupiringu wowerenga anthu. Lole itayamba kuyenda, mayi Ruwiza anapezeka kuti akhala moyang'anizana nane. Ndinatembenukira kwa anzanga n'kunena mokweza ndithu kuti, "Lero sitiona kanthu. Nyama zonse zithawa fungo la mlamba." Anthu anaseka, a Lapukeni nawonso anaseka, ndipo ine ndinamva kukoma. Mayi Ruwiza anangoyang'ana kunja, kuminda imene inali kudutsa.

Tinakhotera cha ku Nchalo, tinadutsa m'minda ya nzimbe, mpaka tinafika pachipata. Pamenepo anakwera mlonda wa nyama, bambo wamtali wa imvi pang'ono, wovala khaki, mfuti ili paphewa. Anatipatsa malamulo: kuimba kuthere pachipata pomwepo, palibe wotsika popanda iwo kunena, palibe woyenda yekha. Anati njati ikakhala ndi mwana sifunsa kuti ndiwe yani. Tinalowa lole ikuyenda pang'onopang'ono pakati pa mitengo yoyoyoka masamba ndi zitsamba zaminga. Tinaona nswala zitaima pamthunzi, njiri zikuthawa michira ili m'mwamba, anyani atakhala pamsewu ngati eni ake. Kenako mlonda anagogoda padenga la lole kuti iime, n'kuloza m'chitsamba. Munali boo wamphongo, mtundu wa gwape wamkulu, wakuda, wa mizere yoyera m'nthiti, miyendo yachikasu ngati wavala masokosi. Amayi ena anagwirana manja, ena anatsegula kukamwa osatseka. Ndimakumbukira kuti panthawi imeneyo ndinasangalala ndi mtima wonse, ndinaiwala kuti ndine munthu wobisa kanthu.

Dzuwa litafika pamutu, anatitengera kumalo kumene nyama zimamwera madzi. Lole tinaisiya chapatali n'kuyenda pamzere m'kanjira, mpaka tinafika pa kanyumba kamatabwa komangidwa pamwamba pa mizati, kokhala ndi timazenera topyapyala toyang'ana padziwe. Tinakwera makwerero n'kukhala mothithikana pamabenchi. Mlonda ananong'ona kuti tikakhala chete, njati zibwera, chifukwa waona fumbi lake. M'kanyumbamo munali motentha ngati mu uvuni, thukuta likungoyenderera.

Ndi pamenepo pamene ndinamva fungo la nsanza yopserera.

Abale anga, ndinali ndi nthawi yokwanira kugwira mayi abusa paphewa n'kunena mawu atatu okha. Mlonda anali pomwepo. A Lapukeni anali pabenchi ya kutsogolo kwanga. Koma m'mutu mwanga munangobwera chinthu chimodzi, kuti asandione. Maso a anthu onse anali pamazenera, ndipo ine ndinali kufupi ndi khomo. Ndinavula nsapato, ndinatsika makwerero mwakachetechete, n'kuyamba kuthamangira kumene kunali lole. Nditaona kuti sindikafika, ndinasiya kanjira kaja n'kulowa m'tchire kuti ndikagwere kuseri kwa chitsamba, kumene munthu sangandione. Chomaliza chimene ndimakumbukira ndi fumbi, ndi misana yakuda ikuyenda pakati pa mitengo.

Zotsatirazi ndinachita kuuzidwa. Mayi Ruwiza sankayang'ana padziwe, ankayang'ana ine. Anaona milomo yanga ikutafuna popanda chakudya, zala zikutolatola pachitenje, ndipo nditatuluka anandilondola. Anandipeza ndikuphiriphitha pansi pafupi ndi chitsa chaminga. Gulu la njati linali likutsikira kumadzi, kudutsa pamtunda woti munthu ukhoza kuponya mwala n'kufika. Imodzi yaikazi, imene inali ndi mwana, inaima n'kutembenuka, mphuno ili m'mwamba. Mayi Ruwiza sanakuwe ndipo sanathawe. Anagwada, anandikokera kutali ndi chitsa chija, anandigoneka chammbali, n'kuika mpango wawo pansi pa mutu wanga, msana wawo ataulozetsa kwa njatiyo. Mlonda atacheuka n'kuona kuti pabenchi pasowa anthu awiri, anatsika mothamanga. Anafika njati ija itayamba kale kupalasa pansi, ndipo anawombera m'mwamba. Gulu lonse linabalalika, nthaka ikugwedezeka.

Nditatsegula maso, m'kamwa munali magazi chifukwa ndinali nditadziluma lilime. Diresi langa linali litanyowa, ndipo ndinadziwa kuti si thukuta. Anthu onse a kwaya anali atatsika, ataima mozungulira koma chapatali, ena atatseka mphuno ndi pakamwa ndi zitenje. Ndinamva mawu a mayi wina, amene tinkaimba naye mzere umodzi, akuti, "Musayandikire! Thovu limenelo likakukhudzani, mwatenga." A Lapukeni anali kumbuyo kwa onse, akuyang'ana nsapato zawo. Pafupi nane panali nkhope imodzi yokha.

"Lekani kugopa, aphunzitsi," anatero mayi Ruwiza m'Chisena, kundiuza kuti ndisaope. "Ndiri pano."

Anavula chitenje chawo chapamwamba n'kundikulunga nacho m'chiuno kuti manyazi anga abisike. Mlonda uja sanandikalipire. Anagwada pambali panga, mfuti ili pamaondo, n'kunena motsitsa mawu kuti, "Mayi, mukanangondiuza. Lero tikananyamula mitembo iwiri." Kenako anaimirira n'kulengeza kuti ulendo wathera pomwepo, popeza nyama zadzidzimuka ndipo wodwala ayenera kupita kwawo. Anthu amene anasonkha ndi mtima wonse kuti aone njati anangomva mgugu wake, chifukwa cha ine.

Ulendo wobwerera sindidzauiwala. Lole imene popita inali yothina, pobwera inapezeka ndi malo aakulu, ndipo malowo anali ozungulira ine. Palibe anaimba. Nditapempha madzi, mayi uja wa mzere wanga anathira m'kachitini kopanda ntchito kamene kanali m'lolemo, anakaika pansi n'kukakankha ndi phazi, n'kunena kuti ndisabweze. Mayi Ruwiza anakatenga n'kukataya kunja, anandimwetsa m'kapu yawo, kenako iwo anamwera momwemo anthu onse akuona. Anakhala nane njira yonse, phewa lawo likunditchinjiriza kuti mutu usagunde zitsulo. Titayandikira ku Ngabu, anatenga nsonga ya mpango kuti andipukute magazi pakamwa. Apa ndi pamene ndinachita chinthu chimene ndikuvutika kuchilemba. Ndinawamenya padzanja, n'kunena kuti, "Ndisiyeni! Mwandionetsa kale mokwanira. Anakutumani ndani kunditsatira?"

M'mutu mwanga ndinkati akanapanda kunditsatira, ndikanagwa ndekha, n'kudzuka ndekha, n'kubwerera popanda wodziwa. Sindinafune kuganiza kuti ndikanadzuka pansi pa ziboda. Iwo anabweza dzanja lawo n'kuliika pamwendo, koma sanasunthe pamene anakhala.

Mmene kunkacha, Ngabu yense anali atamva. Pasanathe sabata, amalume a a Lapukeni anabwera kwa amayi n'kunena kuti nkhani ya ukwati iyambe yaima, ndipo sinadzukenso. Makolo ena anayamba kufunsa ngati ana awo sangasamutsidwire kalasi ina. A hedimasitala, munthu wachifundo, anandiuza kuti ndipume sabata ziwiri ndibwerere, koma sabata ziwirizo zinasanduka miyezi iwiri. Ndinadzitsekera m'nyumba. Kutchalitchi ndinasiya, kumsika ndinasiya, ngakhale kubafa ndinkadikira kuti panjira pasakhale munthu. Mvula inagwa, anthu anabzala, ine ndili chigonere kuyang'ana denga. Chifukwa cha maganizo ndi kusadya, ndinayamba kugwa pafupipafupi, nthawi zina kawiri pa sabata, ndipo amayi anaonda ndi kundilondera. Ndivomereze kuti masiku ena ndinkaganiza zongoyenda mpaka ku Shire osabwererako. Chimene chinkandigwira ndi kuganizira kuti amayi adzatsala ndi yani.

Kupemphera sindinasiye, koma mapemphero anga anali odzaza mkwiyo. Ndinkafunsa Mulungu kuti ndinamulakwira chiyani ine woimba m'nyumba yake, kuti andivule pamaso pa anthu. Pamapeto pake mawu anandithera, ndinatsala ndi pemphero limodzi lokha limene ndinkalibwereza: "Ambuye, ngati simundichiritsa, nditumizireniko munthu mmodzi yekha amene sanyansidwa nane." Ndinkapemphera choncho misozi ikutsika, pomwe tsiku lililonse la msika mayi Ruwiza ankabwera pakhomo pathu ndi kamtolo ka nsomba kudzandizonda, ine n'kumauza amayi kuti akawauze kuti ndagona. Munthu amene ndinkamupempha anali akugogoda kale, koma ine ndinkafuna kuti akhale wina, wovala bwino, amene ndikanatha kumuyang'ana m'maso. Mayi Ruwiza sindikanatha kuwayang'ana, chifukwa nkhope yawo inkandikumbutsa zonse ziwiri, kugwa kwanga ndi nkhanza zanga.

Tsiku lina masana, mvula ikuwaza, ndinamva akulankhula ndi amayi pakhonde. Amayi anawauza monga mwa masiku onse kuti ndagona. Iwo anayankha kuti palibe kanthu, adikira mpaka ndidzuke, ngakhale likhale mawa. Anakhaladi. Ola linatha, lina linatha, ndikumva akutsokomola panja. Manyazi omwe aja amene ankanditsekera m'nyumba ndi amene ananditulutsa, chifukwa sindikanatha kusiya munthu wamkulu akunyowa pakhomo pathu. Ndinatsegula chitseko n'kukhala pamphasa, maso ali pansi.

Sanayambe ndi ulaliki. Anangokweza chitenje chawo mpaka pabondo n'kunena kuti, "Aphunzitsi, taonani kuno." Mwendo wawo wamanzere, kuyambira pabondo mpaka pakakolo, unali chipsera chokhachokha, khungu lokwinyika ndi lonyezimira.

"Ndinagwera pamoto ndikuphika, kwathu kuja, ndili ndi mwana woyamba," anatero. "Matenda ake ndi omwewa. Anthu analipo pabwalo, koma anaimirira n'kumayang'ana, kuopa thovu. Mmene amuna anga ankafika kuchokera kumunda kudzandichotsa, mwendo unali utapsa kale. Kuyambira tsiku limenelo ndinauza Mulungu kuti ine ndikadzaona munthu akugwa, sindidzaimirira."

Kwathu kuno anthu ankati wakhunyu akangopsa ndi moto ndiye kuti sadzachiranso, choncho ndinawafunsa kuti nanga bwanji sindinawaonepo akugwa. Anamasula mfundo ya pansonga ya chitenje chawo. Munali kapepala kopindidwa, ndipo m'kapepalamo munali timapiritsi toyera, tating'ono ngati mapira. Anati atangowoloka malire anagwa pamzere wolandira chakudya, ndipo anamwino amene ankathandiza othawa nkhondo anawatengera kuchipatala, kumene anawayambitsa mankhwala amenewa. Kamodzi patsiku, osadumphitsa. Zaka ziwiri zinali zitatha osagwanso.

"Ine sukulu sindinapiteko," anatero, "koma ichi chokha ndikuchidziwa kuposa inu. Tendeni, tiyeni kuchipatala."

Pamenepo ndinalira kulira kumene sindinalire chigwere ku Lengwe. Ndinagwada pamaso pawo n'kuwauza zonse: kuti ndinanama kuti lole yadzaza, kuti ndinawanyoza za fungo la nsomba, kuti ndinawamenya dzanja limene linandichotsa pamaso pa njati. Ndinalankhula m'Chisena, chifukwa mawu a Chichewa chonyadira chija anali atandithawa. Iwo anandimvetsera mpaka ndinamaliza, kenako anaseka pang'ono n'kunena kuti, "Ndinamva zonse, aphunzitsi. Mlamba umanunkhadi. Koma ndi umene ukulera ana anga. Dzukani, pansi pali chinyezi." Kukhululuka kwawo kunali kophweka choncho, ndipo kunandipweteka kuposa mmene akanandipwetekera akanandilalatira.

Ndinawauza kuti kuchipatala cha pafupi sindingapite chifukwa onse amandidziwa. Sanatsutse. Lolemba lotsatira anasiya malonda awo, tinakwera basi limodzi mpaka ku Chikwawa. Ndili pamzere ndinafuna kubwerera kawiri konse, koma iwo anali atandigwira chitenje ngati mwana. Dokotala amene anandiona anandifunsa mafunso ambiri, ndipo atamva kuti ndabisa zaka zisanu ndi chimodzi anapukusa mutu. Anandiuza kuti khunyu ndi matenda a mu ubongo, kuti malungo aja ayenera kuti ndiwo anayambitsa, ndiponso kuti silipatsirana, kaya ndi thovu, kaya ndi mpweya, kaya ndi kapu. Anati palibe chifukwa chosiyira ntchito. Ine mphunzitsi, amene ndinkaphunzitsa ana za ukhondo ndi matenda, ndinakhala pampando paja ngati mwana wa Sitandade 1. Ndinatuluka ndi kapepala kanga ka mapiritsi, ndipo mayi Ruwiza anandionetsa mmene amamangira mfundo kuti asanyowe.

Sindinena kuti zonse zinatha tsiku lomwelo. Mankhwalawo poyamba ankandigonetsa tulo masana, ndipo m'miyezi yoyambirira ndinagwanso kawiri. Koma kenako unatha mwezi, inatha itatu, chinatha chaka, fungo la nsanza lija osabweranso. Mpaka lero ndimamwa, ndipo ndimathokoza Mulungu pa kapiritsi kalikonse, chifukwa ndikudziwa kuti ndi Iye amene anapatsa anthu nzeru zokapanga, ndipo ndi Iye amene anachititsa kuti kandipeze kudzera m'chitenje cha mayi wogulitsa nsomba.

Chovuta kwambiri chinali kutulukanso pagulu. Koma tsiku linafika, ndinabwerera kusukulu. Ndinaima kutsogolo kwa ana anga a Sitandade 5 n'kuwauza ndekha kuti zimene anamva n'zoona. Ndinawaphunzitsa zochita ngati ine kapena munthu wina aliyense wagwa: kumuchotsa pafupi ndi moto kapena madzi, kumugoneka chammbali, kuika chofewa pansi pa mutu, osamuika kanthu m'kamwa, ndi kukhala naye mpaka atsitsimuke. Ana savuta ngati akuluakulu. Anafunsa mafunso awo, ena oseketsa, kenako tinatsegula mabuku.

Lamulungu lake ndinapempha abusa kuti andilole kulankhula. Ndinaima kutsogolo, ndinapepesa mpingo chifukwa choika moyo wa anthu pangozi ndi kuwononga ulendo wawo. Kenako ndinaitana mayi Ruwiza kuchokera kumbuyo kumene ankakhala, n'kunena pamaso pa onse zimene ndinawachita ndi zimene iwo anandichitira. Ndinanenanso m'Chisena kuti amve bwino, ndipo ndinaona anthu ena akuyang'anana, poti anali asanandimvepo ndikuchilankhula. Si onse amene anasintha. Ena anapitiriza kundisungira kapu yangayanga ndikapita kumaliro kapena kuukwati, ndipo zinkandiwawa. Koma patapita milungu ingapo, mayi uja amene anandikankhira kachitini ndi phazi anabwera kunyumba kwathu, akuyang'ana uku ndi uku ngati akuopa kuonedwa. Anayamba ndi nkhani zina. Potsiriza ananong'ona kuti mwana wawo wamkazi, amene ankauza anthu kuti amakhala kwa azakhali ake, anali m'nyumba mwawo momwemo, ndipo anali ndi matenda omwewa. Ndinazindikira kuti tsiku lija ku Lengwe, pamene ankakuwa kuti anthu asandiyandikire, nawonso ankabisa. Sindinawakumbutse kanthu. Ndinawaperekeza ku Chikwawa pamodzi ndi mwanayo.

Patapita zaka zitatu ndinakwatiwa ndi bambo wina, mphunzitsi mnzanga, amene ndinamuuza za matenda anga tsiku loyamba limene anandifunsira. Mulungu anatipatsa ana anayi, onse amoyo wabwino. Mayi Ruwiza ndiwo anasambitsa woyamba. Mtendere utabwerera kwawo, anaganiza zopita kukaona ngati munda wa amuna awo udakalipo. Ndinawaperekeza pamene basi ya ku Nsanje inkaimira, ndipo pokwera ananditembenukira n'kunena kuti, "Takhuta, aphunzitsi," kundithokoza ine, pamene woyenera kuthokoza ndinali ine. Sankadziwa kulemba, choncho kalata sinabwere, ndipo sindinawaonenso. Sindikudziwa ngati adakali moyo. Ndimawatchula m'pemphero m'mawa uliwonse.

Ndikuthokoza Mulungu amene sanandilange molingana ndi kunyada kwanga, amene anandisunga m'tchire muja ndili chikomokere, ndi kundipirira pamene ndinkakana thandizo limene ndinkalipempha ndekha. Ndikuthokoza mlonda uja amene dzina lake sindinalifunse n'komwe. Ndikuthokoza amayi anga, amene anandilangiza kubisa chifukwa cha chikondi ndi mantha, koma pambuyo pake ndiwo ankandikumbutsa mankhwala tsiku ndi tsiku mpaka pamene anatisiya.

Kwa inu amene muli ndi chinthu chimene mukubisa, kaya ndi matenda, kaya ndi vuto lina limene mukuopa kuti anthu akalidziwa mudzatha, ndikukupemphani ngati mlongo wanu: musalowe nalo m'tchire nokha monga ndinachitira ine. Akuluakulu amati ukabisa matenda maliro adzaulula, ndipo kwa ine zinatsala pang'ono kutero. Manyazi amawawa, ndikuwadziwa bwino, koma munthu amadzuka nawo n'kuyendanso. Limbikirani kupemphera, pitani kuchipatala, uzani munthu mmodzi. Ndipo inu amene muli bwino lero, mukadzaona mnzanu wagwa, kaya pamsika, kaya m'basi, kaya m'tchalitchi, musadzaime patali n'kutseka mphuno. Gwadani pambali pake, mumugoneke chammbali, mumufunditse, ndipo akadzatsegula maso adzapeze kuti pali munthu. Ambuye akusungeni nonse.